Juzi ya Tural

Nsanje ya Zelipa Kachingwe inayamba ndi kuseka. Linali Lachinayi chakumadzulo, iye akuchokera kuntchito miyendo ikuphwanya, ndipo atangotuluka mu lifiti pa nyumba yosanja imene ankakhala ku Scarborough, m'dziko la Canada, anamva mwana wake Kevin akuseka. Kunali kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kuja mwanayo ankaseka kale akamamugirigisha. Koma kusekako sikunkachokera m'nyumba mwa amayi ake. Kunkachokera kuseri kwa chitseko choyang'anizana ndi chawo, kwa mayi Sevil.

Zelipa anaima m'kolido makiyi ali m'manja. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene Kevin anaseka choncho pamaso pake, koma sanalipeze.

Musaganize kuti Kevin anali mwana woipa. Anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi, wamtali, wosamwa mowa, wolawira m'mamawa kupita ku tauni ya Mississauga kumene ankayendetsa kagalimoto konyamulira mabokosi m'chinyumba chosungiramo katundu. Amayi a kutchalitchi ankamuyamikira, koma amayi a kutchalitchiwo sankakhala naye. M'nyumba, Kevin anali ngati mlendo wochita lendi chipinda. Ukamufunsa m'Chichewa kuti waswera bwanji, ankayankha m'Chingerezi mawu awiri atatu, maso ali pafoni, kenako chitseko cha kuchipinda kwake n'kutsekeka. Zelipa anabwera naye ku Canada ali ndi zaka zinayi, bambo ake atasankha kutsalira ku Lilongwe ndi mkazi wina, ndipo anamulera yekha ndi msana womwewu umene tsiku ndi tsiku ankanyamulira makolo a eni ku nyumba yosamalirako okalamba. Anali atazolowera kudzitonthoza kuti ana okulira kuno ndi mmene alili, sacheza ndi makolo. Tsono taonani, mwana wosacheza uja akuseka kwa eni mpaka kumveka pa lifiti.

Mayi Sevil anali atabwera chaka chapitacho kuchokera ku Azerbaijan, dziko limene Zelipa sankadziwa n'komwe kuti lili mbali iti mpaka Kevin atamusonyeza pafoni. Anali mzimayi wamfupi, wa imvi zosayenera msinkhu wake, wovala zakuda tsiku lililonse. Ankakhala ndi mwana wake wamkazi, koma mwanayo ankagwira ntchito ku bwalo la ndege ndipo panyumba ankangobwera kudzagona. Kudziwana kwa mayiyu ndi Kevin kunayamba tsiku limene lifiti inafa, mnyamatayo n'kumunyamulira majumbo a kumsika pamasitepe. Kenako anakamukonzera wailesi yakanema kuti izionetsa za kwawo. Kenako kunalibenso chifukwa, ankangopita.

Nkhani ya mayi Sevil, Zelipa anaimva kwa Kevin yemweyo. Mayiyo anathawa m'mudzi mwawo, kufupi ndi tauni ya Aghdam, pa nkhondo yoyamba yolimbirana dera la Karabakh, ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Anachoka ndi ketulo ndi bulangete basi. Kwa zaka zambiri iye ndi mwamuna wake ankakhala m'bogi ya sitima yosiyidwa panjanji, pamodzi ndi mabanja ena othawa nkhondo, ndipo m'bogi momwemo ndi mmene anabadwira mwana wawo wamwamuna, Tural. Mwanayo anakula akumva za mudzi umene sanauonepo, za chitsime chake ndi mtengo wa mabulosi wa pakhomo. Nkhondo itabukanso m'chaka cha 2020, Tural anali msilikali, ndipo anafa kutatsala pang'ono kuti nkhondoyo ithe. Bambo ake atapita kukaona mudzi uja anapeza makoma opanda madenga ndi zikwangwani zochenjeza za mabomba okwiriridwa pansi. Sanafike n'komwe pamene panali nyumba yawo. Anabwerera, anadwala mtima, ndipo chaka chotsatira anamwalira.

Zelipa anagwetsa misozi atamva zimenezi, chifukwa sanali munthu wouma mtima. Tsiku lotsatira anagula shuga ndi masamba a tiyi n'kukagogoda, monga amachitira kwawo ku Dowa munthu akamva za maliro ngakhale akale, ndipo anakhala pansi pakapeti n'kupepesa. Koma tinene zoona. Pamene Kevin ankafotokoza nkhani ija, mbali ina ya mtima wa Zelipa inkalira, ina inkawerenga mawu. Mwana wakeyu anali asanalankhulepo naye nthawi yaitali chonchi chaka chonsecho. Dzina la mudzi wa eni ankalitchula bwinobwino, lilime osapunthwa, pamene dzina la mudzi wa agogo ake sanalifunsepo ngakhale kamodzi.

Lachinayi lililonse mayi Sevil ankaphika halva, ufa wa tirigu wokazinga mu batala n'kuthiramo madzi a shuga, ndipo fungo lake linkadzaza kolido yonse. Ankabweretsa mbale imodzi kwa Zelipa, akumwetulira mwamanyazi. Poyamba Zelipa ankadya, ndipo n'zokoma, palibe chifukwa chonamira. Koma Kevin atamuuza kuti kwawo kwa mayiyo amaphika zimenezi Lachinayi pokumbukira akufa, anayamba kumazitaya m'bini mnyamatayo akalowa m'bafa. Mbaleyo ankaibweza yopanda kanthu, osaikamo ngakhale nthochi imodzi, akudziwa bwino lomwe kuti amayi ake akanakhala moyo akanamukalipira.

Anayesa kulimbana nazo mwa njira imene ankaidziwa. Anakwera mabasi awiri kupita ku sitolo ya zakudya za ku Africa, anagula chigwada ndi nsinjiro, anafunafuna nthochi zakupsa kwambiri n'kukazinga zitumbuwa, zija Kevin ankazilirira ali ku pulayimale. Ankaphika dala Lachinayi. Kevin ankabwera kuchokera kutsidya kwa kolido akununkhira batala ndi tiyi wa eni, n'kusuzumira m'mapoto mwaulemu, n'kunena kuti wadya kale, adzadya mawa. Mawa lakelo zitumbuwa zinkakhala zitauma, ndipo Zelipa ankazidya yekha pa buleki kuntchito, akutafuna ngati akulanga munthu. Nsanje inamudya mayiyu mpaka anayamba kumvetsera pachitseko chake, munthu wamkulu, mlembi wa amayi a Mvano, khutu lili pathabwa. Anamva ndi makutu ake Kevin akupereka moni m'chilankhulo cha mayi uja, mawu aatali, osalakwitsa. Uyu ndi Kevin yemwe akakumana ndi akuluakulu kutchalitchi ankangoti "ndili bwino" n'kuthera pomwepo.

Ndiyeno inabwera juzi.

Kunali mu Novembala, mphepo itayamba kuluma makutu. Kevin analowa m'nyumba atavala juzi yobiriwira moderako, yoluka pamanja, yokhuthala, ya mizere yopotana pachifuwa. Inamukhala bwino moti ngakhale Zelipa anaona kuti mwana wake ndi wokongola. Anafunsa kuti waigula kuti. Kevin anayankha mosadera nkhawa, akutsegula filiji, kuti ndi ya Tural.

Zelipa anaimirira.

"Kevin, vula chimenecho. Vula pompano."

"Mum, it's a sweater. She asked me to wear it."

Zelipa anamuuza kuti zovala za munthu wakufa savala chisawawa. Kevin anamuyang'ana ndi maso aja amene ana okulira kuno amayang'anira makolo akayamba za kumudzi, maso achifundo osakaniza ndi kutopa, n'kulowa kuchipinda juziyo ili m'thupi.

Kwawo kwa Zelipa, zovala za malemu sizigawidwa ngati kaunjika. Zimadikira tsiku lometa, akuluakulu n'kuzichapa, n'kuzigawa kwa achibale okhaokha. Ndipo amene walandira jekete la malemu amadziwa chimene walandira: walowa m'malo mwake. Ana amasiye aja ndi ake, mayi wolira uja ndi mayi ake. Wakunja savala za maliro a eni. Zelipa anadziuza kuti akuopa mizimu, akuopa maloto oipa, akuopa tsoka la mnyamata wofa imfa yamagazi. Mwina pang'ono ankaopadi. Koma chimene chinkamuwawa sichinali mzimu wa Tural. Chinali chakuti mzimayi uja wamuveka Kevin umwana, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo Kevin wavomera.

Anaimbira foni mnzake Hilda, namwino wochokera ku Chipata amene ankapemphera naye limodzi. Hilda anali munthu wabwino, koma moto ukayaka iye ankabwera ndi parafini. Atamva nkhaniyo anayankha m'kalankhulidwe ka kwawo.

"Amake Kevin, imwe mugona? Bamuvalika vovala va munthu wakufa, imwe muli chabe phee? Manje mailo muzamvela ati bamuchinja na zina. Uyo muzimai afuna kumuadoputa mwana wanu imwe mukali moyo."

Zelipa anati mzimayiyo ndi wachisoni, mwina sakudziwa chimene akuchita. Ananena zimenezi pofuna kuti Hilda amutsutse, ndipo Hilda anamutsutsadi. Anati chisoni aliyense ali nacho, koma mwana sabwerekana ngati poto. Anati akanakhala iye akanaibweza juziyo tsiku lomwelo, pamanja, kuti uthenga umveke.

Sabata yonseyo Kevin ankavala juzi ija akangoweruka. Ankadyera nayo, ankaonera nayo mpira. Zelipa akamuona kumbuyo ankaona mwana wa munthu wina atakhala pampando wa mwana wake. Choncho anasinthana shifiti ndi mnzake kuti Lachinayi asapite kuntchito. Kevin atalawira, atavala zake zakuntchito, Zelipa analowa kuchipinda kwake, malo amene anali atasiya kulowamo kalekale. Juzi inali yopindidwa bwinobwino pampando. Malaya ena onse anali mbwee pansi, ngakhale shati imene iye anamugulira pa Khirisimasi, koma juzi yokhayo ndiyo inali yopindidwa. Anaiika m'jumbo osafuna kuikhudza kwambiri, n'kudikira mpaka fungo la batala litayamba kulowa pansi pa chitseko.

Mayi Sevil anatsegula ali ndi mthiko m'manja. Ataona kuti ndi Zelipa nkhope yake inawala, poganiza kuti mnansi wake wabwera kudzamwa tiyi patapita nthawi yaitali. Anachotsa poto pamoto, anatulutsa timatambula tating'ono tagalasi, anakoka mpando. Zelipa sanakhale. Anaika jumbo patebulo n'kuimirira manja atapinda. Pakona ya chipindacho panali kashelefu, ndipo pamenepo panali chithunzi cha mnyamata wa makutu aakulu atavala chipewa chausilikali chomukulira, mbendera yopindidwa, ndi mendulo m'kabokosi kotsegula. Tsiku lopepesa lija Zelipa sanachiyang'anitsitse chithunzicho. Lero anaona kuti mnyamatayo analibe n'komwe ndevu.

Awiriwa ankalankhulana m'Chingerezi, cha Zelipa chothamanga, cha mayi Sevil choduladula ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. Mayiyo anasuzumira m'jumbo, anatulutsa juzi, n'kuyang'ana Zelipa ndi nkhawa.

"Yachepa?"

Zelipa anati ayi, siinachepe. Anafotokoza mawu amene anawakonzekera usana wonse. Anati kwawo zovala za womwalira zimavalidwa ndi achibale okha, ndipo wovalayo amalowa m'malo mwa malemu. Anati sakufuna kunyoza mwambo wa eni, koma nayenso ali ndi wake, ndipo Kevin ali ndi kwawo, ali ndi mtundu wake, ali ndi mayi ake. Analankhula mwaulemu, koma unali ulemu uja wa pa ofesi.

Mayi Sevil anamvetsera mpaka kumapeto, milomo ikuyenda pang'ono potsatira mawuwo. Kenako anakhala pampando umene anakokera mlendo uja, juzi ili pamiyendo.

"Tural sanaivalepo," anatero. "Ngakhale kamodzi."

Anafotokoza pang'onopang'ono, akusaka mawu, pena akuthandizira ndi manja. Tsiku limene Tural ankabwerera ku usilikali atabwera kudzacheza, iye anamuimika pakhomo n'kumuyeza msana ndi zikhatho, kuchokera phewa ili kufika phewa ilo, mnyamatayo akuseka kuti basi imusiya. Ulusi anagula tsiku lomwelo. Nkhondo itayamba ankaluka uku akumvera wailesi, kuti manja asakhale chabe. Pafoni Tural anamuuza kuti wakula mapewa chifukwa chonyamula katundu m'mapiri, ndiye iye anamasula mbali ina n'kuwonjezera mongoganizira. Anamaliza manja a juziyo m'mawa, madzulo ake kunabwera amuna atatu pakhomo kudzanena za imfa yake, mmodzi atavula chipewa.

"Bokosi linabwera lokhomerera. Anati musatsegule, mayi. Ine ndinamubala. Ndinkamusambitsa m'beseni m'bogi muja, madzi ndikutenthetsa pa ketulo. Koma tsiku lomaliza sindinaone ngakhale chala."

Anasisita juziyo ndi chikhatho.

"Zaka zonsezi sindinkadziwa ngati ndinaluka bwino. Mwana wanu ali ndi mapewa omwewo. Ndinkangofuna ndiione ikuyenda."

Zelipa anapezeka atakhala pansi osadziwa kuti wakhala nthawi yanji. Mayi Sevil anatenga foni yake yakale, ya galasi losweka pakona, n'kuyatsa uthenga wamawu. Munamveka mphepo, kenako mawu a mnyamata, olankhula mofulumira, akuseka pakati. Mayiyo anamasulira osayang'ana foni, chifukwa ankaudziwa pamtima. Akuti amayi, mwamwa mankhwala anu a BP? Akuti kuno kukuzizira, mufulumire nayo juzi ija. Akuti musamvere wailesi kwambiri. Ananena kuti Tural ankatumiza mawu oterewa tsiku lililonse akapeza netiweki, ngakhale a mphindi imodzi, ndipo onse anawasunga. Anawonjeza, ngati akudzilankhulira yekha, kuti kutsidya kwa mapiri amenewo alikonso amayi ena, a mtundu umene ankamenyana nawo, amene akusunga mafoni ngati imeneyi.

Apa m'pamene Zelipa anadziona mmene analili, ndipo anachita manyazi. Ankamuchitira nsanje mayi wa mwana wakufa. Mnyamata uyu, zipolopolo zikudutsa pamutu, ankapeza mpata wofunsa ngati amayi ake amwa mankhwala. Wake, wamoyo, wogona kuseri kwa khoma limodzi, sankadziwa n'komwe kuti amayi ake nawonso amamwa a BP. Nsanje ndi chisoni zinasakanikirana mumtima mwake moti sakanatha kuzilekanitsa. Koma chisoni chinali chitayamba kupambana. Juzi yosavalidwapo si chovala cha malemu, ngakhale akuluakulu a ku Dowa akanavomereza zimenezo. Dzanja lake linali litayamba kusuntha patebulo kuti aitengenso.

Mayi Sevil anaona dzanjalo, ndipo pofuna kumuthandiza, pofuna kumupeputsira, ananena chinthu chimene sakanayenera kunena.

"Ku Oshawa kumazizira kwambiri, ndi pafupi ndi madzi. Akamasamukira kumeneko mu Januwale, ndimafuna akhale nayo."

Dzanja la Zelipa linaima.

Anafunsa kuti ndani akusamukira ku Oshawa. Mayi Sevil anamwetulira, akuganiza kuti Chingerezi chake ndicho chalakwa, n'kubwereza bwinobwino. Kevin. Amutenga ku koleji ya m'tauni imeneyo, akaphunzire ntchito ya mu ambulansi, yothandiza anthu ovulala asanafike kuchipatala. Wapeza kale chipinda kumeneko. Tsiku limene anamva kuti amutenga anabwera akuthamanga, nsapato zakuntchito zili kuphazi, n'kumunyamula iye m'mwamba ngati mwana. Mayiyo ananena zonsezi akuseka, mpaka anayang'ana nkhope ya Zelipa. Kuseka kunazima.

"Sanakuuzeni," anatero mayi Sevil.

Zelipa anayamba kuwerengera mumtima. Zaka makumi awiri za kusenza nkhalamba, za kudikira basi mu chipale chofewa mapazi atachita dzanzi, za kukana amuna ooneka bwino kuti mwana asakule ndi bambo womupeza, ndipo tsiku lachisangalalo chake mwanayo anatuluka mu lifiti n'kukhotera kumanzere. Ananyamula mzimayi wina m'mwamba. Kenako analowa m'nyumba mwa amayi ake, n'kunena kuti wadya kale.

Mayi Sevil anayesa kukonza. Anati Kevin amawakonda kwambiri amayi ake, amawatchula nthawi zonse. Anati akuopa kuwauza chifukwa akudziwa kuti atsala okha, akufunafuna tsiku labwino. Anati mnyamatayo mtima wake ndi wofewa, kungoti mawu amamuvuta. Chilichonse chimene ankanena chinali choona, ndipo n'chifukwa chake chinkapweteka. Mlendo wa chaka chimodzi ankamufotokozera Zelipa za mwana amene iye anamubereka ku chipatala cha Bwaila, ngati mphunzitsi wofotokozera kholo pa tsiku lotsekera sukulu.

Zelipa anaimirira. Mawu anatuluka osakweza, oyera, m'Chingerezi chosavuta kuti pasakhale liwu limene mzimayiyo angalephere kumva.

"Mayi, wanu anafa. Uyu ndi wanga."

Kunja basi inaima pasiteji, inatsegula zitseko, inanyamukanso. Mayi Sevil sanalire. Anayang'ana Zelipa nthawi yaitali, osati mwaukali, koma ngati munthu amene wauzidwa nthawi ndipo wapeza kuti kwada kuposa mmene ankaganizira.

"Inde," anatero. "Anafa."

Anapinda juzi ija, manja ake mkati, kenako pakati, n'kuiika pashelefu pansi pa chithunzi. Anatsegulira Zelipa chitseko.

"Pitani bwino. Kevin sadzalowanso muno."

Zelipa anawoloka kolido mutu uli m'mwamba. Tisabise, kwa kanthawi anasangalala. Anamva kupepuka kumene munthu amamva akazula dzino lomuvutitsa. Anatulutsa nkhuku mufiliji, anatsuka mpunga wa Kilombero umene ankausungira alendo, anakazinga anyezi mpaka fungo lake linagonjetsa la batala lija. Anakonza ndi mawu omwe. Sadzamukalipira za Oshawa. Adzadikira adye, kenako adzamufunsa modekha, ndipo Kevin adzafotokoza zonse, pano, patebulo ili, kwa amayi ake. Anaganiza zoimbira Hilda, anagwira foni, koma anaibwezera pansi. Sanafune kubwereza mokweza mawu amene ananena kuja.

Dzuwa litapendeka, lifiti inalira. Zelipa ankawadziwa mayendedwe a mwana wake pakati pa anthu zana. Nsapato zolemera zija zinabwera m'kolido, ndipo monga mwa Lachinayi lililonse zinakhotera kumanzere. Anamva kugogoda, kopepuka, kwa munthu wozolowera kutseguliridwa. Anasendera pachitseko chake n'kuika diso pakabowo.

Kevin anaima chomupatsa msana, chikwama paphewa, m'manja muli kajumbo ka mandimu. Anagogodanso. Anapereka moni uja wa m'chilankhulo cha eni, mwansangala. Palibe anayankha. Anaitana dzina la mayiyo, anafunsa m'Chingerezi ngati ali bwino, ngati wagwa, ngati aitane mwana wake wamkazi uja. Kenako anasiya kulankhula n'kuyang'ana pansi. Zelipa naye anayang'ana pamene iye ankayang'ana. Pansi pa chitsekocho pankatuluka kuwala, ndipo pakati pa kuwalako panali mithunzi iwiri ya mapazi. Mayi Sevil anali ataima pomwepo, kuseri kwa thabwalo, osasuntha.

Kenako Kevin anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana chitseko cha kwawo, pakabowo penipeni, ngati akuona diso la amayi ake.

Zelipa anatsegula. Anayesa kuti mawu ake amveke ngati a tsiku lililonse.

"Wabwera, mwanawe? Lowa, chakudya chapsa. Ndaphika nkhuku."

"What did you say to her, Mum?"

Anafuna kunena za mwambo, za ku Dowa, za tsiku lometa. Anafuna kufunsa kuti nanga iwe za ku Oshawa unkati undiuza liti. Zonsezo zinali zokonzeka pakamwa, ndipo pa zonsezo anali ndi mbali yake yolondola. Koma Kevin sanafunse zimenezo. Anafunsa chimene iye ananena, ndipo mawu amenewo Zelipa sakanatha kuwatulutsa kachiwiri, mwini wake ataima kuseri kwa chitseko akumva.

Kevin anadikira. Ataona kuti yankho silibwera, anagwedeza mutu pang'ono ngati walimva. Anatula chikwama, anaika kajumbo ka mandimu pambali, n'kukhala pansi pakapeti ya m'kolido, miyendo yaitaliyo atatambasula, msana ndi mutu atatsamiritsa pachitseko cha mayi Sevil. Sanagogodenso. Mithunzi ya mapazi ija siinachoke.

Zelipa anaima pakhomo pake atagwira chitseko kuti chisatsekeke. Kumbuyo kwake tebulo linali loyalidwa, mbale ziwiri, mpunga ukufuka nthunzi. Mwana wake anali pafupi moti akanatambasula dzanja akanamukhudza phazi. Anatsegula chitsekocho mpaka chinagunda khoma, kuti aone kuti njira ilipo, kuti palibe akumuletsa. Kevin anatseka maso, n'kukhalabe chotsamira chitseko chotsekacho.